Wa mu labotale amachiza ndani? Yankho kwa mtsikana wa ku Mkanda

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 17, ndili Fomu 4, kwathu ndi ku Mkanda m'boma la Mchinji. Chaka chatha tinaika m'manda amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, atadwala khansa ya khomo la chiberekero. Anayamba ndi kutaya magazi chonsecho anali atasiya kale msambo, ndipo pamene ankafika kuchipatala anauzidwa kuti matenda apita patali. Pasiwa ena ankanong'onezana kuti analodzedwa, koma anamwino anatiuza kuti gwero lake ndi kachilombo. Kachilombo kangabale bwanji khansa? Ine ndimakonda Bayoloje, ndipo ndikulakalaka kudzakhala wofufuza za matenda amenewa. Amalume akuti ntchito ya mu labotale sichiza munthu, bola unamwino kapena udokotala. Kodi akunena zoona? Nanga ndikalimbikira, ndidzere njira iti?

Yankho: Pepa, mwana wanga. Amayi aakulu ndi mayi ako ndithu, ndipo chilonda chotere sichipola m'chaka chimodzi. Kutaya magazi munthu atasiya msambo, kutaya magazi pokhala malo amodzi ndi bambo, chikazi chonunkha chosatha, zonsezi amayi ambiri amakhala nazo chete miyezi ndi miyezi, chifukwa ndi nkhani ya kumaso imene munthu wamkulu sangaiyambe pamaso pa ana. Pabanja panu pasapezeke wodziimba mlandu.

Amalume ako sananame. Ine ndatha zaka zambiri pa ntchito ya mu labotale imeneyi, koma sindinalemberepo wodwala mankhwala ndi kamodzi komwe. Chimene chimafika patebulo langa ndi kachidutswa ka mnofu kochepa kuposa njere ya mtedza, kali m'kabotolo kolembedwa nambala. Dzina la mwini wake sindilidziwa. Mayiyo amasamalidwa ndi anamwino ndi madokotala, ndipo kawirikawiri zimene ine ndidzapeze pa kachidutswa kake sizidzamuthandiza iyeyo. Ukawauze amalume kuti pamenepo ndagwirizana nawo. Ukatha, uwaonetse mkono wako.

Ndikawerengera zaka zako, uyenera kuti unali m'gulu loyamba la atsikana a zaka 9 amene anabayidwa katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, pamene boma linamufalitsa dziko lonse mu Januwale 2019, atayamba wayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013. Jekeseni imene ija inayambira pa tebulo ngati langali. M'zaka za m'ma 1970, madokotala ankadziwa kale kuti khansa imeneyi ili ndi chochita ndi kugonana, koma ambiri ankaloza chala kachilombo kena kotchedwa herpes. Wasayansi wa ku Germany, Harald zur Hausen, anasakasaka herpes m'zotupa za amayi koma sanapeze umboni. Iye anakayikira kachilombo ka m'gulu loyambitsa njerewere, kamene anzake ankakaona ngati kosaopsa. Iye ndi ophunzira ake anakhala pafupifupi zaka 10 akusaka. Mu 1983 anatulutsa m'chotupa mtundu wa kachilomboka umene unatchedwa HPV 16, ndipo mu 1984 wina, HPV 18. Lero tikudziwa kuti mwa amayi 10 alionse odwala khansa ya khomo la chiberekero padziko lonse, pafupifupi 7 gwero lake ndi mitundu iwiri imeneyi.

Mu 1991 ku Brisbane m'dziko la Australia, Jian Zhou ndi Ian Frazer anapeza njira yopangira chigoba cha kachilomboka chopanda kanthu mkati, ngati khoko la mtedza lopanda njere. Thupi likaona chigobacho limayesa kuti mdani wafika n'kukonzekeretsa asilikali ake, chonsecho mkatimo mulibe chodwalitsa. Ena ku America, monga Douglas Lowy ndi John Schiller, anaikapo njerwa zawo. Katemera woyamba analoledwa mu 2006. Zhou sanamuone, anamwalira mu 1999. Zur Hausen analandira mphoto ya Nobel mu 2008.

Werengera wekha: kuchoka mu 1983 kudzafika pa mkono wako mu 2019 ndi zaka 36. Ku Scotland, kumene anayamba kubaya atsikana mu 2008, kafukufuku amene anatuluka mu 2024 sanapeze ndi mmodzi yemwe wodwala khansayi mwa amene anabayidwa ali ndi zaka 12 kapena 13. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili pansi pa WHO, linayerekeza kuti kuno kwathu mu 2020 amayi 4,145 anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo 2,905 anamwalira nayo. Amenewo ndi maliro pafupifupi 8 tsiku lililonse. Ndiye wa mu labotale amachiza ndithu, koma amachiza mwana wa munthu amene sadzamuona nkhope, nthawi zina iye mwini atagona kale. Amene mtima wake sungapirire zimenezo, ntchitoyi imamuwawa.

Tsopano funso lako la kachilombo, limene ndi lomwelo linandikokera ine ku ntchito imeneyi.

Thupi lako ndi lomangidwa ndi maselo monga nyumba imamangidwira ndi njerwa, kungoti njerwa zake n'zamoyo ndipo zimachulukana pogawikana pawiri. M'kati mwa selo muli DNA, ulusi wautali wolembedwa ndi zilembo 4 zokha, A, C, G ndi T, zobwerezabwereza mpaka kukwana pafupifupi 3 biliyoni. Ndime za ulusiwu zimene zili ndi malangizo opangira chinthu timazitcha majini. Ukamafotokozera agogo uchenjere, angaganize za majini a mizimu aja. Awa ndi mawu ena obwereka chabe. Zinthu zopangidwazo ndi mapuloteni, ndipo mapuloteni ndiwo antchito a m'selo.

Selo siloledwa kugawikana mwachisawawa. Pali puloteni yotchedwa pRb imene ili ngati buleki ya njinga, imagwira selo kuti isayambe kugawikana nthawi isanakwane. Palinso ina, p53, imene ili ngati mlonda. DNA ikaonongeka, p53 imaimitsa ntchito yonse kuti pakonzedwe, ndipo pakakanika kukonzeka imalamula seloyo kuti ife yokha. Maselo ambiri m'thupi mwako amafa mwa njira yotere, ndipo imfa zazing'ono zimenezi ndizo zimakusunga wamoyo.

HPV ndi kachilombo kosauka. DNA yake ili ndi zilembo pafupifupi 8,000 zokha, ndipo kalibe makina akeake odzichulukitsira. Kamalowera m'timing'alu tosaoneka ndi maso pa khomo la chiberekero, makamaka pamalire pamene mitundu iwiri ya maselo imakumana, n'kukhazikika m'maselo a pansi. Kuti kaberekane kamafuna makina a seloyo akhale akuyendabe, ndiye kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E7 imamasula buleki ija. E6 imagwira mlonda uja n'kumupereka kuti aphwanyidwe. Izi zinaululika mu 1989 ndi 1990, ndipo labotale ya Peter Howley ku America inali pakati pa ntchitoyo. Ganizira wakabaza amene wasenza matumba a soya, akutsetsereka, buleki yaduka, ndipo woti n'kumuimitsa palibe.

Kachilomboka sikafuna khansa, kamangofuna poberekeranapo, ndipo nthawi zambiri thupi limapambana. Anthu ambiri amene anayamba kugonana, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina pa moyo wawo, ndipo mwa 10 alionse, pafupifupi 9 chitetezo cha m'thupi chimakagonjetsa pasanathe zaka 2, iwo osadziwa n'komwe. Ndikunena izi mwadala. Mayi wokhulupirika amene wadziwa mwamuna mmodzi moyo wake wonse angathe kukhala nako. Wina akadzanyoza amayi aakulu pa nkhani imeneyi, udzamuyankhe mosaopa.

Vuto limabwera kachilombo kakakanirira. Pakapita zaka, DNA yake, imene imakhala yozungulira ngati mphete, nthawi zambiri imaduka n'kudzisokerera mu DNA ya mayiyo. Podukapo kawirikawiri pamaonongeka jini ya E2, imene inkaletsa E6 ndi E7 kuchuluka, ndiye ziwirizi zimangopangidwa kosalekeza. Selo yopanda buleki ndi mlonda imagawikana, ikalakwitsa pokopera DNA palibe woiwongolera, zolakwazo zimaunjikana chaka ndi chaka, mpaka tsiku lina gulu la maselo liboola malire ake n'kulowerera mkati mwa mnofu. Pamenepo ndiye timati khansa.

Iwe wakulira kumunda, kaufiti ukumudziwa. Pamene kaluwa kake kakuonekera pamwamba, amakhala atayamwa kale mizu ya chimanga pansi pa nthaka. Dzina lakelo likunena lokha mmene makolo ankaonera chinthu chofoola mbewu mosaoneka. Anthu a pasiwa aja ndimawamvetsa, anaona mayi wamphamvu akufota popanda chifukwa chooneka. Koma chifukwacho chimaoneka, ndipo ine ndachiona ndi maso anga kambirimbiri. Selo imene E7 yaimasulira buleki imadzaza puloteni ina yotchedwa p16. Tikadula mnofu mopyapyala kwambiri, n'kuuika pa kagalasi, n'kuthirapo mankhwala ena, maselo amenewo amasanduka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, pamene abwinobwino amakhala a buluu. Ndikanakonda aliyense wa pasiwa paja akanasuzumira kamodzi kokha mu maikulosikopu.

Ulendo wochoka pa kutenga kachilombo kufika pa khansa umatenga zaka 15 mpaka 20 kwa mayi wa chitetezo chabwino, koma zaka 5 mpaka 10 kwa amene chitetezo chake chatsika, monga wa HIV amene sakumwa ma ARV. Amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka maulendo 6 kuposa anzawo. Kusuta fodya nakonso kumakolezera. Zaka zimenezi ndiye mpata wathu. Anamwino akapaka viniga pa khomo la chiberekero, malo amene maselo ayamba kusokonekera amayera, ndipo amawatentha ndi kachitsulo kapena kuwaumitsa ndi mpweya wozizira tsiku lomwelo, khansa isanayambe. Chipatala cha Nkhoma chinali m'gulu la oyamba kusonyeza kuti kachitsulo kotenthetsa kaja kangagwire ntchito bwino m'zipatala za kumidzi kuno.

Khansa ya khomo la chiberekero siyenda m'magazi a mtundu, choncho usaope kuti amayi aakulu akusiyira. Koma pa khansa za ziwalo zoberekera za amayi ilipo ina imene imatha kuyenda m'banja, ya timatumba ta mazira. Mayi wina wasayansi wa ku America, Mary-Claire King, anatha zaka pafupifupi 17 akutsata mabanja amene amayi ake ankadwala khansa ya m'mawere akadali aang'ono, ambiri akumukayikira. Mu 1990 anasonyeza kuti cholakwika chili pa mtolo wa nambala 17 mwa mitolo 23 ya DNA yathu. Jini yake, BRCA1, inatulutsidwa mu 1994, ndipo inzake BRCA2 mu 1995. Ntchito ya majini awiriwa ndi kusoka DNA ikaduka, ndipo mayi wobadwa ndi imodzi yoonongeka ali pachiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere ndi ya timatumba ta mazira.

Chimene chinatsatira ndimachikonda kwambiri. Tiyerekeze mudzi uli ndi mijigo iwiri. Umodzi ukafa, anthu amamwa pa winawo, moyo n'kumapitirira. Selo nayo ili ndi njira zingapo zokonzera DNA. Mu selo ya khansa ya mayi wa BRCA, mjigo woyamba unafa kale, yangodalira wachiwiri, umene umayendetsedwa ndi puloteni yotchedwa PARP. Mu 2005 magulu awiri a asayansi, ku Sheffield ndi ku London, anasonyeza kuti ukatseka PARP ndi mankhwala, maselo a khansa amafa, pamene abwinobwino, amene mjigo wawo woyamba ukutulutsabe madzi, amapulumuka. Mankhwala oyamba a mtundu umenewu, olaparib, analoledwa mu 2014. Chimene chimandiwawa n'chakuti mtengo wake mayi wa ku Mkanda sangaufikire. Zinadziwikanso m'zaka za m'ma 2000 kuti mtundu woopsa kwambiri wa khansa ya timatumba ta mazira nthawi zambiri umayambira kunsonga kwa njira zodutsa mazira. Ndipo mu 2013 khansa ya m'kati mwa chiberekero inagawidwa m'magulu 4 potengera zolakwika za mu DNA, zimene tsopano zimathandiza madokotala kudziwa amene akufunika mankhwala amphamvu ndi amene opaleshoni yokha ingamukwanire.

Nkhani zimenezi ndi zokoma kumva, koma tsiku la ntchito silioneka choncho. M'mawa ndimayamba ndi kuona mafiriji, chifukwa zidutswa za mnofu timazisunga pa madigiri 80 pansi pa ziro. Kenako kusungunula maselo kuti titulutse DNA, kuyeza timadontho tochepa kuposa msozi ndi kachida kotchedwa pipette, kuika m'makina a PCR amene amakopera kandime kamodzi ka DNA kambirimbiri mpaka kaoneke. Dzanja likaphonya pang'ono, kapena kafumbi ka DNA ya dzulo kakagwera m'kabotolo ka lero, ntchito ya sabata yonse yapita. Chilichonse chimalembedwa m'buku, ndi zolakwa zomwe. Masana ambiri ndimathera pa kompyuta, chifukwa makina owerenga DNA amatulutsa zilembo mamiliyoni zimene maso sangaziwerenge, zimafuna masamu ndi mapulogalamu. N'chifukwa chake ndikukupempha usanyoze Masamu ngakhale mtima wako uli pa Bayoloje.

Zoyesa zambiri zimalephera, ndipo palibe amene amakuuza pamene walakwitsa, umasaka wekha. Mankhwala a mu labotale pafupifupi onse amachokera kunja, amafuna ndalama zakunja, amachedwa miyezi, ndipo ena amafika atafunda panjira n'kukhala opanda ntchito. Chaka china magetsi anazima Lachisanu usiku, jenereta inakana kulira, ndipo pofika Lolemba zidutswa zimene tinasonkhanitsa chaka chathunthu zinali zitaonongeka. Ndinalira. Chimene ndinkaona m'maso mwanga ndi amayi aja amene anavomera kuvula pamaso pa mlendo pokhulupirira kuti kachidutswa kawo kadzathandiza wina. Kuyambira pamenepo chilichonse timachigawa pawiri n'kusunga m'nyumba zosiyana. Za ndalama ndisakubise: ntchito zambiri za kafukufuku ndi za mgwirizano wa zaka zowerengeka, ndipo wofufuza amatha nthawi yaitali akulemba makalata opempha thandizo, ambiri n'kukanidwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma likafika tsiku limene zotsatira zatuluka, wabwereza katatu ndipo zatulukanso chimodzimodzi, umakhala chete kwa kamphindi ukudziwa chinthu chimene munthu wina aliyense padziko sanachidziwe. Masiku otere ndi owerengeka, ndipo onse ndimawakumbukira.

Pali mayi mmodzi amene ndikufuna umudziwe usanalowe mu labotale ina iliyonse. Henrietta Lacks anali mayi wakuda wa ana 5, wokulira m'minda ya fodya ku Virginia, monga amayi ambiri a ku Mchinji ndi ku Kasungu. Mu 1951 anapita ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore akutaya magazi, ndipo anamupeza ndi khansa yomweyi ya amayi aakulu. Madokotala anatenga kachidutswa ka chotupa chake n'kukapereka ku labotale osamufunsa. Iye anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31, koma maselo ake anapitiriza kugawikana m'mbale, ndipo akugawikanabe mpaka lero m'malabotale a padziko lonse ndi dzina loti HeLa. Anathandiza poyesa katemera wa poliyo ndi zinthu zina zosawerengeka, ndipo pambuyo pake anapezeka kuti ali ndi HPV 18. A pabanja pake anakhala zaka zoposa 20 osadziwa. Ine ndemwe ndawalerapo maselo amenewa.

Lero kuno kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayamba wavomerezedwa ndi makomiti monga National Health Sciences Research Committee kapena COMREC, ndipo mayi amafotokozeredwa m'chiyankhulo chake asanasaine kapena kudinda chala. Koma pepala palokha silikwanira. Mphekesera za anamapopa unazimvapo. Mayi wa kumudzi akafunsa kuti, "Magazi angawa mupita nawo kuti?" akufunsa funso loyenera, ndipo ayenera kuyankhidwa ndi munthu amene amadziwa kukhala pamphasa, kupereka moni kwa amfumu, ndi kutchula za kumaso mosachititsa manyazi. Zimenezo iwe uli nazo kale, mnzako wa ku London alibe.

Ndipo mafunso amene akudikira munthu ngati iwe alipo. Zambiri zimene dziko limadziwa za majini a khansa zinachokera kwa odwala a ku Ulaya ndi ku America. Mtundu wina wa kachilomboka, HPV 35, umapezeka kwambiri m'khansa za amayi a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kuposa kwina, koma ngakhale katemera woteteza ku mitundu 9 alibe mtundu umenewu. Chifukwa chiyani mtundu umenewu umatikonda ife, ndipo atsikana obayidwa akadzakula udzachita zotani? Amayi a HIV tikawayeza ambiri amapezeka ndi HPV. Ndani mwa iwo amene akupita ku khansa ndipo ndani thupi lake lidzapambana, kuti tisatenthe onse mosasankha? Makina a GeneXpert amene ali kale m'zipatala zathu poyezera TB amathanso kuyeza HPV, ndipo mayi angathe kudzitenga yekha chikazi ndi kathonje popanda kuvulira munthu. Tingazifikitse bwanji ku Mkanda ndi ku Kapiri mosadula? Afrika akafunsa yekha, mayankho amabwera. Mu 2020 kunatuluka kafukufuku wa zotupa 118 za amayi a ku Uganda amene anasonyeza kuti magulu osiyana a HPV amabala zotupa za makhalidwe osiyana. Kafukufuku wa ku Kenya wotchedwa KEN SHE ndi wa ku Tanzania wotchedwa DoRIS anasonyeza kuti jekeseni imodzi yokha imateteza bwino, ndipo mu 2022 WHO inavomereza zimenezo. Kwa dziko losauka, kusiyana kwa jekeseni imodzi ndi majekeseni awiri ndi atsikana zikwizikwi.

Njira yake ndi iyi. Pa MSCE limbikira Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi, Masamu ndi Chingerezi. Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ili ndi maphunziro a udokotala, unamwino, za mankhwala ndi za labotale. MUST ku Thyolo, Mzuzu University, University of Malawi ku Zomba ndi LUANAR ku Bunda nazonso zili ndi madigiri a sayansi ya zamoyo amene angakufikitse komweko. Ukapanda kusankhidwa, dipuloma ya labotale ku Malawi College of Health Sciences ndi khomo lenileni. Anthu ena a manja abwino koposa amene ndagwira nawo ntchito anayambira pa dipuloma. Uli pasukulu, gogoda pa malo ofufuzira monga Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre kapena UNC Project ku Lilongwe, imene inathandiza kutsegula labotale yoyeza minofu pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2011. Vomera ngakhale ntchito yotsuka mabotolo, bola maso akhale otsegula. Kenako digiri yachiwiri ya zaka ngati 2, ndi ya PhD ya zaka 3 kapena 4, kawirikawiri mbali ina kunja, ndi thandizo la mabungwe monga Beit Trust kapena Commonwealth. Kuchoka pa Fomu 4 werengera zaka zoposa 10. M'zaka zimenezo anthu adzakufunsa za banja maulendo osawerengeka, ndipo mwamuna amene udzamusankhe adzakhala mbali ya yankho la ngati udzamaliza.

Njira ya amalume ndi yako sizilimbana. Lynette Denny wa ku University of Cape Town anali dokotala wochita maopaleshoni a khansa za amayi, koma anathanso zaka zambiri akufufuza pakati pa amayi osauka a ku Khayelitsha, ndipo zotsatira zake za mu 2005 zinathandiza kukhazikitsa njira yoyeza ndi kuchiza mayi popanda kudikira kutumiza minofu kutali. Ukanakhala mwana wanga wobereka ndekha, ndikanakuuza kuti ukapeza malo a udokotala kapena unamwino uwatenge, kenako ulowe m'kafukufuku uli ndi nkhope za odwala m'mutu, chifukwa amene waona wodi amafunsa mafunso akuthwa. Koma ngati chimene chimakusowetsa tulo ndi E6 ndi p53, ngati pamene umawerenga za buleki ndi mlonda mtima unagunda, pita ku sayansi ya labotale molunjika ndipo usapepese kwa munthu.

Tchuthi chikubwerachi, funsa mayi ako ngati anayezetsapo khomo la chiberekero, ufunsenso amayi aang'ono, azakhali ndi akazi a amalume omwe. Kuyeza kumalimbikitsidwa makamaka kwa amayi a zaka 25 mpaka 49, m'zipatala za boma ndi kwaulere, ndipo wotaya magazi mosadziwika bwino apite msanga posatengera zaka zake. Ang'ono ako aakazi amene afika zaka 9, ona m'mabuku awo a kuchipatala ngati analandira katemera. Tsiku limene mayi akupita, uwaperekeze, utenge kope ndi cholembera. Anamwino akapeza mpata, uwapemphe mwaulemu akuonetse botolo la viniga ndi kachitsulo kaja, ndipo uwafunse kuti mwa amayi amene amapezeka ndi poyera, ndi angati amabwereranso pa tsiku limene anauzidwa. Yankho lawo ulilembe, pamodzi ndi tsiku.